Amene mukufuna feduro tiuzeni, mawu omaliza adzakhala a ndani?

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhulepo pa nkhani ya feduro, yoti chigawo chilichonse chikhale ndi boma lake pansi pa boma lalikulu, imene imangobukabuka mmagulupu a pa WhatsApp ndi mmaminibasi momwe. Sabata yatha ndikuchokera ku Limbe kulowa mtauni, bambo wina anaiyamba tili pa Chichiri mpaka ine kukatsika akuyankhulabe, eti tingotengera za ku America basi, chigawo chilichonse chizipanga malamulo ake ndipo a ku Lilongwe akabwera ndi lamulo losatikomera tizingolikana. Anthu anamuvomera heve. Ine mtima unandiwawa. Nanenso ndatopa nazo zoti chilichonse mpaka chikavomerezedwe ku Capital Hill, koma chimene bamboyo amatamandacho ku America konko chinakhetsapo mwazi ndipo mpaka pano makhothi akulimbana nachobe.

Dziko lija lili ndi ma state 50, tinene kuti zigawo, iliyonse ndi aphungu ake komanso bwanamkubwa wake, kenako pamwamba pali boma lalikulu la ku Washington. Nde pamakhala aphungu ena a mma state amene amalemba lamulo lonena kuti lamulo lakutilakuti la ku Washington kwathu kuno siligwira ntchito, eni ake amati nullification. Mu 2021 aphungu a ku Missouri anachita zimenezi pa nkhani ya mfuti. Anati malamulo ena a boma lalikulu okhudza mfuti ndi opanda mphamvu mu Missouri, ndipo polisi ya mderalo ikapezeka ikuthandiza kuwakwaniritsa itha kusumiridwa nkulipira madola 50,000. Tangoganizani wapolisi wagwira chigawenga chili ndi mfuti, lamulo lina likuti pita nacho uku, lina likuti ukangoyerekeza ofesi yako ilipira. Mapanga awiri avumbwitsa ndithu, ndipo wovumbwa apa ndi munthu wamba amene akuyembekeza kuti apolisi amuteteze. Boma lalikulu linakasuma, jaji anathetsa lamulolo mu 2023, khothi la apilo nkugwirizana naye mu 2024. Chifukwa chake chinalembedwa kalekale mu Article VI ya konsitityushoni yawo, kuti lamulo la dziko lonse lili pamwamba pa lamulo la state.

Sikuti zayamba lero. Mu 1832 state ya South Carolina inakana msonkho wa boma lalikulu pa katundu wochokera kunja, ndipo mwini ganizolo anali John C. Calhoun, wachiwiri kwa pulezidenti Andrew Jackson. Jackson anaopseza kuti atumiza asilikali, mu 1833 msonkho unatsitsidwa, nkhani nkukhala ngati yatha. Sipanathe zaka 30, South Carolina yomweyo inakhala yoyamba kudzipatula ku dziko la America mu December 1860, ndipo nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 inapha anthu oposa 600,000.

Koma imene imandikhudza kwambiri ine monga kholo ndi ya ku Little Rock, mzinda wa mu state ya Arkansas. Mu 1954 khothi lawo la Supreme linagamula kuti kupatula ana akuda ndi ana achizungu msukulu za boma nkuphwanya konsitityushoni. Aphungu a ma state angapo a kummwera anakhala pansi nkulemba kuti chigamulo chimenecho ife sitikuchidziwa. Pofika 1957 ana akuda 9 anapita kukayamba sukulu pa Central High School, sukulu ya azungu mumzindamo, bwanamkubwa Orval Faubus nkuika asilikali a state pakhomo kuti anawo asalowe. Ana asukulu akonzi, mabuku ali mmanja, kutsogolo mfuti kumbuyo chigulu cha akuluakulu chikuwatukwana. Zinatengera pulezidenti Eisenhower kutumiza asilikali a boma lalikulu kuti awaperekeze mpaka mkalasi, ndipo mu 1958 majaji onse 9 a Supreme pa mlandu wa Cooper v. Aaron anabwereza kuti state ilibe mphamvu yokana chigamulo chawo. Pamene wandale akukuwa kuti ufulu wa dera lathu, ufulu wa dera lathu, ine ndimafuna ndidziwe kaye kuti mderamo akuponderezedwa ndi ndani. Ku Arkansas anali ana aja.

Ndisakhale ngati ndikubisa mbali inayo. Ku Wisconsin anthu anakanapo lamulo la 1850 lokakamiza kubweza akapolo othawa kwa eni awo, ndipo Supreme inawagonjetsa mu 1859. Pamenepo mtima wanga uli ndi a Wisconsin, lamulo lija linali loipa zedi. Komabe chimene chinamasula akapolo dziko lonse ndi kusintha konsitityushoni mu 1865, kukana kwa state imodzi kukanangopulumutsa okhawo amene anakwanitsa kuthawira kumeneko. Palinso kusiyana kumene bambo wa mminibasi uja sanakutchule. State itha kuuza boma lalikulu kuti apolisi athu sitikubwerekani, gwirani nokha ntchito yanu, ndipo Supreme inavomereza zimenezo mu 1997. Ndi mmene Colorado inalolera chamba mu 2012 pamene lamulo la ku Washington likuletsabe. Koma kunena kuti lamulo lanulo kuno lafa, imeneyo makhothi akhala akuikana nthawi zonse.

Nde tibwere kwathu kuno. Mu 2015 tinapanga lamulo la maukwati, mu 2017 aphungu anasintha konsitityushoni kuti mwana ndi aliyense amene sanakwane zaka 18, palibenso zoti makolo avomereza. Tiyerekeze tili ndi nyumba ya malamulo ya chigawo imene ili ndi mphamvu zokana lamulo la dziko, aphungu ake nkudzuka tsiku lina kuti kwathu kuno mwambo wathu mtsikana akatha msinkhu ndi wamkulu. Mtsikana ameneyo adzathawira kwa ndani? Nanga mlongo wathu wa ku Rumphi amene ali ndi okala ku Ndirande, kapena mnyamata wa ku Mulanje amene akugulitsa kaunjika ku Mzuzu, chigawo chikadzati malo amalonda ndi a eni nthaka okha adzadandaula kuti? Mu Blantyre muno tasakanikirana kwambiri, mzere umodzi wa nyumba za lendi mupezamo Mlomwe, Mtumbuka, Myao, Msena, onse kutunga madzi pa mpopi umodzi.

Njira yokanira lamulo loipa tili nayo kale. Gawo 5 la konsitityushoni yathu likuti lamulo kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana nayo nchopanda mphamvu, ndipo amene amagamula zimenezo ndi khothi. Tinaona ndi maso athu pa 3 February 2020 majaji 5 atathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019, Supreme nkuvomereza mu May, anthu nkukavotanso pa 23 June. Palibe chigawo chimene chinachita kudzilengezera chokha kuti ife zotsatirazi kuno sizigwira ntchito.

Komanso tisaiwale kuti lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka kale mphamvu ku makhonsolo, koma kuchoka 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala opanda makhansala. Zimene zili kale papepala tikulephera kuzilemekeza.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi loti atolankhani anu akamacheza ndi andale olimbikitsa feduro asamangolemba zoti chigawo chizidya misonkho yake, aziwafunsanso kuti lamulo la chigawo likawombana ndi la dziko lopambana lidzakhala liti, adzagamule ndi khothi liti, komanso apolisi adzamvera ndani tsiku limenelo. Mayankho awowo muwasindikize ndi maina awo omwe, tiwawerenge tisanauzidwe zokavota pa referendamu ina iliyonse.

Kholo lokhudzidwa,
Chilomoni, Blantyre