Lipoti la nthumwi: ndege zakale za mapulopela ndi mabwalo athu akumidzi

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse, munatituma ku msonkhano wa amisiri ndi oyendetsa ndege womwe unachitikira konkuno ku Lilongwe, ndipo funso lomwe munatisenzetsa linali loti: kodi ndege zakale za mapulopela, monga DC-3, zingamanyamule katundu kupita ku mabwalo athu ang'onoang'ono? Yankho lathu ndi lakuti kutera ingatere bwinobwino, koma mafuta ake ndi chisamaliro chake ikakhala pansi ndi zomwe sitinakonzeke nazo.

Za mbiri sitichedwapo. DC-3 inauluka koyamba pa 17 Disembala 1935. Tikaphatikiza ya asilikali ija, C-47, yomwe ambiri amati Dakota, ndi zomwe zinapangidwa ku Soviet Union ndi ku Japan, zinapitirira 16,000. Kwathu kuno si mlendo: Central African Airways inkaulutsa DC-3 ndi tindege ta Beaver nthawi ya Nyasaland, ndipo Air Malawi poyamba mu 1964 inayambira pa zomwezo. Lero zatsala komwe misewu sifika. Buffalo Airways ya ku Yellowknife, Canada, ili nazo, Everts ya ku Fairbanks, Alaska, imanyamula katundu ndi mafuta pa ndege zina zakale, DC-6 ndi C-46, ndipo ku Colombia DC-3 zakhala zikunyamuka ku Villavicencio kupita ku midzi ya m'nkhalango.

Chomwe zakhalitsira si chikondi cha anthu chokha. Matayala ake ndi aakulu moti dothi ndi udzu siziivuta, imatera pa liwiro lochepa, ndipo imanyamula pafupifupi matani 3. Thupi lake silipoperedwa mpweya ngati ndege zouluka m'mwamba kwambiri, choncho zitsulo zake sizitopa msanga.

Nthawi yambiri inathera pa injini, ndipo kunali koyenera. DC-3 zambiri zili ndi Pratt & Whitney R-1830: masilinda 14 ozungulira m'mizere iwiri, mphamvu ya mahatchi 1,200. Silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, kutanthauza mapulagi 28 pa injini, 56 pa ndege yonse. Poti masilinda ndi ozungulira, ena amayang'ana pansi, ndipo ndege ikagona oyilo amatsetserekera mmenemo n'kudikha pamwamba pa mutu wa silinda. Oyilo sapanikizika. Mukangoliza injini osayang'ana, pisitoni imagunda oyilo uja, chitsulo cholumikiza pisitoni n'kupindika. Choopsa n'chakuti injini itha kulira ndithu, chitsulocho n'kudzathyoka ndege ili kale m'mwamba.

Njira yake ndi iyi. Magineto, omwe amapereka moto ku mapulagi, akhale ozimitsa, matayala otsekereza, ndipo pulopela izungulidwe pang'onopang'ono, ndi manja kapena ndi sitata, munthu wina akuwerenga mapeni ake akamadutsa, 9 mpaka 12 malinga ndi buku la kampani. Ikalimba mwadzidzidzi, lekani pomwepo. Masulani mapulagi a masilinda a pansi, oyilo atuluke, tsukani mapulagiwo, bwezerani. Musabweze pulopela chammbuyo poganiza kuti mwathana nazo: oyiloyo amangothawira mu payipi yolowetsa mpweya, injini ikalira n'kumuyamwanso. Ikalira, utsi woyera wa poyamba si vuto, koma siikankhidwa mphamvu mpaka oyilo atafunda kufika madigiri 40 a Celsius. Thanki ya oyilo ya injini iliyonse imalowa malita oposa 100, ndipo amatha malita angapo pa ola, choncho bwalo lolandira ndege yotere liyenera kusunga oyilo wake, osati wa galimoto.

Tibwere pa mafuta, pomwe ife tinaona kuti nkhani yagona. Injini za mapisitoni zimamwa petulo wa ndege wotchedwa avgas 100LL, wa mtundu wa buluu. Ndege zambiri zomwe timaziona pa Kamuzu International Airport ndi pa Chileka zimamwa Jet A-1, yemwe ndi wa gulu la palafini. DC-3 imatha pafupifupi malita 360 pa ola, ndiye kuti madilamu awiri a malita 200 sakwana ngakhale ola ndi theka. Avgas amapezeka pa mabwalo ochepa mu Africa muno, ndi wodula kuposa Jet A-1, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe tonse tikudziwa mmene zikuvutira. Kusokoneza awiriwa n'kupha anthu. Mukathira Jet A-1 mu injini ya mapisitoni, imalira bwino ndi avgas wotsala m'mapayipi, ndege n'kunyamuka, kenako mafuta osakanikirana aja amaphulika nthawi isanakwane mkati mwa silinda, injini zonse ziwiri n'kufa pamodzi ndege isanakwere. Wothira afunse woyendetsa, awerenge zolembedwa pa chitseko cha thanki, aone mtundu wa mafuta m'botolo loonekera. Zitatu zonsezi, osati chimodzi.

Za madilamu ndi zomwe tikupempha kuti aliyense wa ife azimve, chifukwa zimakhudzanso ndege zing'onozing'ono monga Cessna 206 yomwe imamwa avgas ndi Caravan yomwe imamwa Jet A-1. Dilamu losungidwa panja choimirira limadeka madzi a mvula pamwamba. Masana limafunda, usiku limazizira, ndipo pozizira limayamwa madziwo kudzera m'zitsekero ngakhale zili zomanga. Ligonekeni cham'mbali pa matabwa, zitsekero zonse ziwiri zili pa mzere umodzi wopingasa kuti zikhale zomira mu mafuta. Pofuna kuthira, liimikeni mopendeketsa ndi kathabwa, madzi ndi zinyalala zisonkhane mbali imodzi, payipi ya pampu ikhale mbali inayo, yosakhudza pansi. Lisiyeni likhazikike: mphindi 15 pa fiti iliyonse ya kuya kwa avgas m'dilamumo, ola lathunthu pa fiti iliyonse ya kuya kwa Jet A-1. Pakani mankhwala oyesera madzi pa ndodo, muviike mpaka pansi, muone ngati asintha mtundu. Mangani waya kuchokera pa dilamu kupita pa ndege musanatsegule thanki, chifukwa mafuta akamayenda mu payipi amapanga magetsi, ndipo kamoto kamodzi n'kokwanira. Pampu ikhale ndi sefa yogwira madzi. Zotsalira pansi pa dilamu si za ndege.

Bwalo lenilenilo nalo linakambidwa. Kamuzu International Airport ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo Chelinda ku Nyika yadutsa mamita 2,000. Pamalo okwera, dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, mpweya umapepuka: injini imachepa mphamvu, mapiko sanyamula bwino, msewu womwe ndege imafunika kuthamangapo ponyamuka umatalika. Mankhwala ake n'kuchepetsa katundu kapena kunyamuka m'mamawa. Woyang'anira bwalo ayende msewu wonse wapansi ndege isanafike, aone zulu zatsopano, mauna, malo olowa matope, ng'ombe ndi mbuzi. DC-3 ili ndi tayala la kumchira, choncho tayala limodzi lakutsogolo likatitimira kapena mphepo ikaomba cham'mbali, mchira umafuna kupitirira mutu.

Ikaima pansi imakhala chopendekera kumbuyo, ndiye katundu amakwezedwa chokankhira kumtunda, ndipo osamangidwa bwino amatsetserekera kumchira ponyamuka. Ziwongolero za kumchira ndi za kumapiko n'zokutidwa ndi nsalu yopaka mankhwala, yomwe dzuwa limaidya ndipo matalala amaiboola. Zimatsekedwa ndi timatabwa ndege ikagona kuti mphepo isaziwombetse, ndipo pali ndege zomwe zinagwa chifukwa timatabwato sitinachotsedwe. Onjezani mavu omata dothi mu kapayipi koyezera liwiro ndi mbalame zomanga zisa pakati pa masilinda.

Ena anafunsa za DC-3 zoikidwa injini zatsopano. Basler ya ku Oshkosh, Wisconsin, imachotsa injini zakale n'kuika injini zopanda mapisitoni, PT6A, zomwa Jet A-1, n'kutalikitsa thupi pafupifupi mita imodzi. Ndege imeneyo, BT-67, imagwira ntchito mpaka ku Antarctica. Vuto la avgas ndi la oyilo m'masilinda limatha, koma mtengo wake si wa gulu ngati lathu.

Maganizo athu ngati nthumwi ndi oti nkhani yobwereka kapena kugula ndege ya mapisitoni tiyambe taisiya. Ndalama zomwe zilipo zipite ku pampu ya manja yokhala ndi sefa, waya womangira, mankhwala oyesera madzi ndi mabotolo oonekera pa bwalo lililonse lomwe mamembala athu amagwirapo ntchito, kuyambira ndi mabwalo omwe amalandira mafuta pa madilamu. Tikupemphanso komiti ipatule tsiku loti tionetsane kagonekedwe ndi kayesedwe ka dilamu ndi manja, mvula isanayambe.

Zikomo, a Wapampando.