Khirisimasi yoyamba chipumireni pantchito

Ntcheu,
14 Disembala 2023

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Johannesburg. Kuno tili bwino ndithu, kupatula bondo langa lakumanzere limene layamba kuvuta chiyambireni kugwira khasu, ndipo alamu anu amandiseka kuti ndi malipiro a zaka 26 zimene ndinakhala pampando wa muofesi ku Limbe. Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaulandira, koma funso limene munafunsa, lakuti moyo wopuma pantchito msanga ukundiyendera bwanji ndiponso ngati nanunso mungabwerere kumudzi chaka chamawa, si loyankha ndi chala chimodzi pafoni. Ndaona kuti ndi bwino ndikhale pansi ndikulembereni kalata monga tinkachitira kale, makamaka chifukwa mwezi uno wa Disembala ndi umene wandiphunzitsa mmene ndalama za munthu wopuma zimayendera.

Monga mukudziwa, ndinasiya ntchito kumapeto kwa Juni ndili ndi zaka 54. Ntchitoyo sindiilakalaka ngakhale pang'ono, ndipo sindikumbukira n'komwe zolimbirana minibasi m'mamawa pamsewu wa Chipembere. Chimene ndimasowa ndi tsiku lija la kumapeto kwa mwezi, limene limafafaniza zolakwa zonse za mwezi wathunthu. Munthu wapantchito akawononga ndalama mosaganiza amangolimba mtima kuti malipiro akubwera, pamene wopuma akaononga ndiye kuti wadya mbewu. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 limati wantchito azidulidwa 5 peresenti ya malipiro ake ndipo bwana aziwonjezerapo 10 peresenti, choncho ndalama zanga zambiri zinasonkhana m'zaka khumi ndi ziwiri zokha zomalizirazi. Mwayi wanga unali wakuti lamulo latsopano la chaka chino likulola munthu kutenga theka la ndalamazo nthawi imodzi, pamene kale zinali 40 peresenti. Theka linalo limabwera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo popeza ndapuma ndikadali ndi mphamvu, amaliwerengera kuti lindifikitse kutali, motero kamene kamalowa mu akaunti sikafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro anga akale. Zimenezi anandifotokozera bwinobwino ndisanasaine, koma kumva ndi makutu n'kosiyana ndi kuona uthenga wa kubanki pafoni.

Ndalama zotenga nthawi imodzizo ndinamalizira nyumba ino. Tinakhoma siling'i, tinaika mawaya a magetsi, tinamanga mpanda, ndipo ndinabweza kangongole kamene ndinali nako kuntchito. Zotsala ndinazitsekera kubanki kuti zizibereka chiwongoladzanja, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa poganiza kuti ndachenjera. Mu Okutobala alamu anu anandiumiriza kuti tigule feteleza yense wa munda wathu nthawi imodzi, matumba asanu ndi atatu, wokulitsa ndi wobereketsa yemwe. Ine, munthu amene ndakhala ndikulemba mabuku a ndalama moyo wanga wonse, ndinawawerengera papepala kuti si nzeru kutsegula akaunti nthawi yake isanakwane, ndipo ndinangogula matumba anayi a wokulitsa, n'kunena kuti wobereketsa tidzagula mu Disembala. Pa 9 Novembala Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pasanathe masiku petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo china chilichonse chokwera galimoto chinakwera naye limodzi, kuyambira sopo, shuga ndi mafuta ophikira mpaka feteleza amene ndinamusiya m'sitolo uja. Chiwongoladzanja chonse chimene ndinkachiteteza sichinakwane ngakhale kulipira kusiyana kwa mtengo wa matumba awiri. Alamu anu sananene kanthu, anangondibweretsera pepala langa lija n'kuliika pambali pa kapu ya tiyi.

M'ndondomeko ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, imene thumba likugulidwa pa K15,000, dzina langa mulibe, ndipo sindidandaula chifukwa m'mudzi muno muli anthu ovutika kuposa ine kutali. Ife timagula kwa ogulitsa wamba pamtengo woposa kanayi pamenepo. Pamapeto pake ndagula matumba awiri okha a wobereketsa, ndipo mnansi wanga wandiphunzitsa kupanga manyowa a Mbeya, osakaniza feteleza pang'ono ndi gaga, phulusa ndi ndowe za ziweto, n'kuzimanga m'thumba la pulasitiki kwa masabata atatu. Matumba anga akupsa m'khitchini yapanja pamene ndikulemba pano. Chimanga chamera, koma a zanyengo akhala akuchenjeza za El Niño, kusintha kwa nyengo kumene kumachepetsa mvula kuno, ndiye aliyense akayang'ana kumwamba amakhala akuwerengera ndalama zimene wakwirira m'nthaka.

Za moyo wa tsiku ndi tsiku zilibe zambiri. Ndimadzuka kusanache, ndimapita kumunda kukayang'anira aganyu opalira, ndipo ndimabwerako dzuwa lisanafike pamutu. Masana ndimagona pang'ono, chinthu chimene ndinkachiyesa ulesi. Galimoto yanga yakale ija imatuluka kamodzi pasabata basi, masiku ena onse ndimakwera kabaza popita paboma. Tikafuna mbatatesi, kabichi ndi tomato wambiri timapita ku Lizulu, kumene zinthu zakudimba zimatsikirako mtengo. Nyemba timaphika pambaula kuti mayunitsi a magetsi afike kumapeto kwa mwezi. Chimene sindinachiwerengere n'komwe ndi mankhwala. Ndili pantchito, sikimu ya chipatala inkalipira mankhwala a BP a alamu anu popanda ine kudziwa mtengo wake, koma sikimuyo inatha tsiku limene ndinabweza makiyi a ofesi, ndipo tsopano akasowa kuchipatala cha boma timagula tokha kufamase.

Koma chimene chandilemera kwambiri, Achimwene, si mitengo ya zinthu ayi, ndi maso a abale. M'mudzi muno mbiri inamveka kuti ndinalandira ndalama za penshoni, ndipo m'maganizo a anthu ndalama zimenezo zili m'chipinda changa, m'katoni, zikungodikira wopempha. Chiyambireni Disembala sipadutsa masiku awiri popanda wina kufika pakhonde. Mwana wa mchemwali wanga akufuna mpamba wa geni ya kaunjika pa Khirisimasi, amalume akufuna malata awiri chifukwa denga likudontha, ndipo akuchikazi akukumbutsa za manda a apongozi amene sitinawake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akunama, onse ali pamavuto enieni, ndipo ambiri a iwo ndinkawathandiza ndili pantchito popanda kuganiza kawiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kale ndinkapatsa kuchokera pamtsinje woyenda, pamene lero ndikutunga m'mtsuko. Amalume ndawagulira malata, chifukwa munthu wokalamba sangagone pamadzi ine ndili pomwepa. Mwana wa mchemwali wanga wofuna mpamba uja ndamukana, ndipo wachoka osatsanzika bwino. Zinandipweteka usiku wonse, koma ndikudziwa kuti ndikanamupatsa, mawa lake pakanafika ena atatu. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo ine ndi amene ndinkalira kuti ndikufuna kukhala pakati pa abale.

Tsono za Khirisimasi yeniyeniyo. Tinakhala pansi ndi alamu anu sabata yatha, kope pamwendo, n'kuyamba kulemba za Januwale tisanalembe za pa 25. Chitsiriza wathu ali Fomu 3 pasukulu yogonera konko, ndipo teremu yachiwiri ikuyamba Chaka Chatsopano chikangodutsa, kotero fizi yake, thiransipoti ndi kandalama kam'thumba taziika padera ndipo sitikuzikhudza ngakhale kubwere mlendo wochokera kuti. Pambuyo pake talemba aganyu obandira, chimanga choti tigule ngati cha m'nkhokwe chitatha Febuluwale asanathe, mankhwala, ndi chopereka cha kutchalitchi. Zimene zinatsala pansi pa tsambalo ndi zimene tikudyera Khirisimasi, ndipo kunena zoona sizinali zambiri.

Watipulumutsa ndi banki mkhonde ya alamu anu, imene ine ndinkaiderera ndili ku Limbe ngati masewera a amayi. Chaka chonse akhala akuponya masheya sabata ndi sabata kuchokera ku ndalama za mandasi ndi mazira, akubwerekana okhaokha n'kumabweza ndi chiwongoladzanja, ndipo Loweruka lapitali gulu lawo lagawana. Zimene abweretsa zagula mpunga wa Kilombero, mafuta, botolo la Sobo ndi nsalu yawo yatsopano, ndipo pakhala kotsala koyambira chaka. Nkhuku sitigula, tipha matambala awiri a pakhomo pano, ndipo thobwa akonza okha ndi chimera cha mawere. Tasonkherananso mabanja asanu kugula mbuzi imodzi yoti tigawane m'mawa wa Khirisimasi. Ana aakulu awiri akubwera kuchokera ku Lilongwe, ndipo ndawauza mosabisa kuti chaka chino asabwere manja ali m'thumba monga ankachitira bambo awo ali pamalipiro. Zovala zatsopano za zidzukulu zili kwa makolo awo. Ndaona anzanga ena opuma akupita kwa akatapila mu Disembala pofuna kusunga ulemu wa dzina lawo lakale, ndipo khadi lawo la kubanki limakhala m'manja mwa wobwereketsayo mpaka nthawi yokolola. Ine ndasankha kuti anthu azinena kuti ndaumira.

Pa funso lanu lija, sindinganene kuti musabwere, chifukwa tulo timene ndikugona kuno sindinatigonepo m'tauni. Koma inu muli ndi chinthu chimene ine ndilibe, malipiro a ma Rand, amene kugwa kwa Kwacha kwawawonjezera mphamvu mukatumiza kuno. Ndikanakhala inu ndikanagwirabe chaka china kapena ziwiri, n'kumaliza nyumba yanu ya ku Balaka mpaka chitseko chomaliza, kumanganso tinyumba tiwiri ta lendi kumbuyo kwake, ndiponso kudikira kuti mwana wanu womaliza alembe mayeso. Musabwere ndi ndalama zongosunga kubanki ngati ine, bwerani muli ndi chinthu chimene chimalowetsa kanthu mwezi uliwonse ndipo mtengo wake umatha kukwera pamodzi ndi mitengo ya zinthu. Komanso musalengeze tsiku lolandira ndalama zanu ngakhale kwa ine ndemwe.

Ndalama zimene munatumiza pa Mukuru za mayi anu ndinakatenga Lachiwiri ndipo ndinakawapatsa m'manja pamaso pa mlongo wanu. Agula thumba limodzi la feteleza ndi matumba awiri a chimanga, zotsalazo akuti asungira nyama ya pa Khirisimasi, ndipo malisiti ndakujambulirani. Ngati mphwanu akubweradi pabasi yodzera ku Tete ndi Mwanza sabata yamawa, mumupatsire kamakina koyezera BP kamene munanena kaja, ndidzamudikira pa depoti ya Ntcheu ngati andiimbira akamadutsa pa Zalewa. Mtengo wake mundiuze, ndidzapereka kwa mayi mu Januwale fizi ikachoka.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Alamu anu kuno akuti mafuno abwino a Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano.

Ndine mnzanu wakale,
wa ku Ntcheu