Lipoti la msonkhano wa ku Lancashire: intaneti ya faiba yomwe anthu akumidzi anadzikumbira okha

A Tcheyamani, akomiti ndi mamembala nonse,

Munandituma kukakhala nawo pamsonkhano wa anthu ogwira ntchito mongodzipereka m'bungwe la B4RN, kumidzi ya ku Lancashire kuno ku England, kuti ndikaone ngati nzeru yawo ingathandize tauni ya kumudzi kwathu ija takhala tikuikambirana. Ndabwerako, ndipo zomwe ndapeza ndi izi.

B4RN, dzina lake lonse Broadband for the Rural North, inakhazikitsidwa mu 2011 anthu atatopa ndi kudikira makampani akuluakulu, omwe sankaona phindu pofikitsa faiba (ulusi wagalasi wonyamula intaneti) kumafamu otalikirana. Ena mwa omwe anatsogolera ndi a Barry Forde, katswiri wa manetiweki, ndi mayi Chris Conder, a pafamu ina kufupi ndi mudzi wa Wray. Kukumba kunayamba mu 2012 ku Quernmore. Kuyambira pachiyambi nyumba iliyonse inkalandira intaneti ya liwiro lalikulu la gigabit imodzi pa sekondi, potumiza ndi polandira pomwe, pamtengo wa mapaundi 30 pamwezi. Lero ofesi yawo ili ku Melling ndipo netiweki yafalikira mpaka ku Cumbria ndi ku Yorkshire.

Chomwe ndikufuna timvetsetse tonse ndi chakuti pantchito imeneyi ndalama zambiri zimathera pokumba ndi popeza chilolezo chodutsa pamalo a anthu. Faiba yeniyeniyo siidula kwambiri. Makampani amatsata msewu, kuswa phula ndi kukonzanso. A B4RN amadulira m'minda ndi m'madambo odyetsera nkhosa, ndipo mwini malo amalola kwaulere. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mlimi mmodzi akakana, njira imakhota, ntchito nkutalika. Nchifukwa chake gawo lalikulu la msonkhanowo linali la mapu: anayala mapu a dera patebulo, aliyense nkumaloza kuti munda uwu ndi wa uje, apa pali thanthwe, apa pakudutsa paipi ya madzi, ndipo ndani amene amagwirizana ndi mwini famuyo kuti akamupemphe. Za makina anakamba mochepa kwambiri.

Titatuluka m'holo anatitengera kumunda. Thirakitala imakoka pulawo ya mpeni umodzi yong'amba dothi, ndipo kapaipi kapulasitiki kamatsetserekera pansi kuchokera pa mpukutu waukulu, dothi nkutsekekanso pambuyo pake. Pomwe thirakitala singafike, monga pakhoma la miyala kapena pabwalo la nyumba, amagwira fosholo. Kapaipiko kamakwiriridwa kopanda kanthu. Pambuyo pake amabwera ndi kompuresa nkupopera faiba m'katimo ndi mphepo. Ndinaona mayi wina wachikulire akulumikiza nsonga ziwiri za ulusi wagalasi ndi kamakina kowotcherera: anasenda, anapukuta, anadula bwinobwino, kamakinako nkumata. Anaphunzira ntchitoyi m'gulu momwemo. Zimenezi zinandilimbitsa mtima kwambiri, chifukwa achinyamata athu angathe.

Za umwini. Bungweli ndi la anthu omwe anagula masheya, ndipo wogula ambiri ndi wogula ochepa voti yawo ndi imodzi. Malamulo ake salola kuti katundu wa bungwe agulitsidwe mamembala nkugawana phindu. Pachiyambi amene wakumba ngalande ankatha kulipidwa ndi masheya m'malo mwa ndalama. Koma lamulo lomwe landigwira mtima ndi ili: akalowa m'dera, amakonza njira yofika pakhomo lililonse, ndipo wa pamwamba paphiri amalipira mofanana ndi wa pakati pamudzi. Ndikuona kuti popanda lamulo limeneli alimi sakadapereka malo awo kwaulere, pakuti munthu sangalole ngalande m'munda mwake iye mwini akusiyidwa.

Sindikufuna tinyengeke kuti zonse zingasamukire kwathu monga zilili. Anthu a kumeneko ali ndi mathirakitala awoawo, magetsi osathimathima, komanso ndalama zogulira masheya, ndipo m'zaka zapitazi boma la Britain lakhala likuthandiza ndi mavocha olumikizira nyumba zakumidzi. Ndiponso netiweki ya m'mudzi iyenera kulumikizidwa ku chingwe chachikulu cha intaneti. A B4RN amafika mpaka ku Manchester. Ifeyo tiyenera kufunsa kaye za faiba ya ESCOM yomwe imayenda m'mapolo a magetsi: ikudutsa patali bwanji ndi tauni yathu, ndipo angatigulitse pamtengo wanji. Palinso nkhani ya laisensi ku MACRA.

Koma kukumba pamodzi si kwachilendo kwa ife. Kuyambira mu 1968 ku Chingale m'boma la Zomba, kenako ku Mulanje, anthu akumidzi ankadzikumbira okha ngalande za mapaipi a madzi ochokera m'mapiri, boma nkupereka mapaipi ndi alangizi. Tikudziwanso kuti malo ambiri vuto linadzabwera pa kukonza zikawonongeka. A B4RN nawo anafika polemba antchito olipidwa, chifukwa chingwe chikaduka usiku sungadalire wongodzipereka yekha. Ndalama ya wokonza iyenera kukhala m'mtengo wa pamwezi kuyambira tsiku loyamba.

Choncho ndikupempha komiti kuti tisagule chipangizo chilichonse pakadali pano. Tilembere kaye ESCOM ndi MACRA. Anzathu omwe ali kumudzi akhale pansi ndi mafumu ndi a khonsolo, ajambule njira yochokera pomwe pali faiba kukafika kusukulu, kuchipatala ndi kumsika, ndipo afunse mwini malo aliyense payekhapayekha. Mayankho amenewa akabwera, tidzakambirane za masheya pamsonkhano wathu wotsatira.

Ine nthumwi yanu.