Polemba za yoga musaiwale mbali ya maganizo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya yoga, yomwe imamveka kwambiri pa 21 June chaka chilichonse, tsiku lomwe bungwe la United Nations linakhazikitsa mu December 2014 kuti likhale la yoga pa dziko lonse potsatira pempho la dziko la India. Chomwe chimandikhudza n'chakuti tsikuli likafika, zomwe zimadzaza pa Facebook ndi m'manyuzipepala ndi zithunzi za anthu atazondoka mutu pansi kapena atapinda msana ngati uta, ndipo wowerenga amatsala n'kuganiza kuti yoga ndi masewera a achinyamata ofewa thupi. Chithunzithunzi chimenechi chikuthawitsa anthu omwe akanapindula kwambiri, monga achikulire, odwala msana ndi omwe akusowa tulo chifukwa cha nkhawa.

Kumene yoga inachokera nkhani yaikulu inali maganizo. Buku lakale la Yoga Sutra, lomwe a ku India amati analemba ndi Patanjali, lili ndi ziganizo zifupizifupi zosakwana 200, ndipo zitatu zokha ndi zomwe zimafotokoza mwachindunji za kakhalidwe ka thupi, zomwenso zimangofuna kuti munthu akhale mokhazikika ndi momasuka. Bukulo limayala masitepe asanu ndi atatu. Awiri oyamba ndi a makhalidwe, monga kusavulaza ena ndi kunena zoona. Lachitatu ndi la thupi. Lachinayi ndi la kupuma. Ndipo anayi otsalawo onse ndi okhudza kubweza maganizo kuchoka ku zosokoneza, kuwaika pa chinthu chimodzi ndi kusinkhasinkha mozama. Yoga yodzaza ndi kupinda ndi kudziwongola yomwe tikuiona lero inakula kwambiri m'zaka za m'ma 1930 mumzinda wa Mysore ku India, komwe mphunzitsi wa yoga Krishnamacharya ankaphunzitsa, ndipo ophunzira ake awiri, B.K.S. Iyengar ndi Pattabhi Jois, ndiwo anathandiza kuifalitsa ku Ulaya ndi ku America.

Chomwe masiku ano chimatchedwa mindfulness, ndiko kuika maganizo mwadala pa zomwe zikuchitika pa nthawi yomweyo popanda kudziweruza, chinachokera ku chiphunzitso cha Chibuda. Chinalowa m'zipatala mu 1979 pomwe wasayansi Jon Kabat-Zinn anatsegula kiliniki yochepetsa nkhawa pa sukulu ya zachipatala ya University of Massachusetts ku America, ndipo anayamba ndi odwala omwe ankamva ululu wosatha. Maphunziro ake a masabata asanu ndi atatu ali ndi mbali zitatu zikuluzikulu: kukhala chete n'kumatsatira mpweya, kugona chagada n'kumayendetsa maganizo m'thupi kuyambira ku zala za kumiyendo mpaka kumutu, komanso yoga yofatsa. Ndikuona kuti kuika yoga m'maphunziro amenewa kunali kwanzeru, pakuti munthu yemwe akumva ululu kapena yemwe mutu wake wadzaza ndi ngongole ndi mavuto a pakhomo sangakwanitse kungokhala phee kwa mphindi 45 pa tsiku loyamba, koma akamasuntha thupi pang'onopang'ono maganizo ake amapeza pogwira.

Apa ndi pomwe yoga ndi mindfulness zimakumana. Munthu akaima atapinda maondo ndi manja atakweza m'mwamba, pakapita kanthawi ntchafu zimayamba kunjenjemera, mpweya umafuna kuthamanga, ndipo maganizo amayamba kunena kuti basi, ndatopa, ndisiye. Wophunzira bwino amazindikira zonse zitatu, amasiyanitsa kutentha kwa minofu yomwe ikugwira ntchito ndi ululu wolasa wochenjeza kuti avulala, kenako amasankha kupitiriza kapena kuleka atadziwa chifukwa chake. Maganizo akathawira ku msika kapena ku mkangano wa dzulo, amawabweza ku mpweya popanda kudzikalipira, ndipo kubweza kumeneko ndiye phunziro lenileni. Luso limeneli amapita nalo ku ntchito ndi kunyumba, komwe limamuthandiza kumva mkwiyo ukukwera m'chifuwa asanayankhe mawu omwe adzanong'oneza nawo bondo. Thupi nalo limathandizapo, chifukwa kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumadzutsa mitsempha yomwe imachepetsa kuthamanga kwa mtima. Munthu yemwe akupinda thupi koma maso ali pa mnzake kuti aone wapinda kwambiri ndani walimbitsa thupi, zomwe si zoipa, koma gawo lina lonse lamudutsa, ndiponso ndi amene savuta kuvulala chifukwa samvera chenjezo la thupi lake.

Pali zinthu ziwiri zomwe aphunzitsi ndi atolankhani ayenera kunena poyera. Yoga inakulira m'zipembedzo za ku India, makamaka Chihindu, ndipo kubisa zimenezi n'kunyoza eni ake komanso kunamiza Mkhristu kapena Msilamu yemwe ali ndi ufulu wofunsa chomwe chikuphunzitsidwa m'kalasi asanalowe. Ambiri amatenga mbali ya kupuma ndi kumvetsera thupi yokha monga imachitikira m'zipatala, ndipo chisankhocho n'chawo. Chinanso n'chakuti zimenezi si mankhwala a matenda onse. Yemwe ali ndi vuto lalikulu la kuvutika maganizo afunika kuonana ndi achipatala, monga ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu, ndipo yemwe ali ndi BP yokwera kapena amayi oyembekezera asayambe zozondoka asanafunse dokotala.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi lakuti mukadzatuma mtolankhani pa 21 June, adzafunse aphunzitsi kuti amaphunzitsa chiyani pa za kupuma ndi maganizo, ndipo pambali pa zithunzizo mudzasindikizenso malangizo osavuta m'Chichewa omwe agogo angatsatire atakhala pa mpando kapena pa mphasa kunyumba kwawo, popanda kulipira kalasi kapena kugula zovala zapadera.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Zomba