Manja ong'ambika akulepheretsa anthu kugwira ntchito

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za matenda a khungu la m'manja amene achipatala amati eczema. Kuno ku Zomba amavuta kwambiri mu Juni ndi Julayi, mphepo yozizira ya kuphiri ikamaumitsa khungu, koma anthu ambiri amangopirira poganiza kuti ndi ming'alu wamba.

Amayamba ndi kuuma ndi kuyabwa. Kenako khungu limakhakhala, kuda kapena kufiira, n'kuyamba kung'ambika kunsonga za zala ndi mopindika zala. Ena amatuluka timatuza tamadzi m'mbali mwa zala. Zikapitirira miyezi itatu, kapena zikamabwerera kawiri kapena kuposa pa chaka, ndiye kuti matendawa akhazikika.

Ming'aluyo ndi yaing'ono koma imasokoneza tsiku lonse. Madzi a tomato, mchere kapena ndimu zikalowa pachala chong'ambika, munthu amachita kudumpha. Kufinya zovala kumatsegulanso bala lomwe limati lipole, magazi n'kudontha pa malaya ochapa kale. Kutema nsima yotentha, kumanga mabatani, ngakhale kugwira khasu, zonse zimasanduka chintchito. Usiku kuyabwa kumakula, munthu amakanda ali m'tulo, m'mawa n'kudzuka wotopa, manja ali ndi zilonda zatsopano. Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi manyazi. Mayi wogulitsa mandasi amaona ogula akupita kwa mnzake, ndipo kutchalitchi kapena kumzikiti wodwala amabisa dzanja poopa kuti anthu anena kuti ndi mphere kapena khate. Eczema sapatsirana, kaya popatsana moni, kaya podyera mbale imodzi.

Khungu lili ndi mafuta ake achilengedwe amene amasunga chinyontho mkati ndi kutchinga zoipa zakunja. Madzi ndi sopo zimasungunula mafutawo. Amene manja awo amakhala m'madzi maola oposa awiri pa tsiku, kapena amasamba m'manja koposa ka 20, khungu lawo silipeza mpata wodzikonza. Awa ndi amayi ochapa ku Likangala, otsuka mbale m'malesitilanti a mumsika, anamwino, ogwira ntchito m'masaluni, ogulitsa nsomba za ku Chilwa. Sopo waufa, Jik, palafini ndi oyilo wa galimoto zimangowonjezera moto. Amisiri omanga nyumba ali ndi vuto lina: simenti yonyowa imawotcha khungu, komanso ili ndi mankhwala a chromate amene thupi likadana nawo, limadana nawo moyo wonse. Dayi wakuda wa tsitsi, mphira wa magolovesi ena ndi mphete zotsika mtengo zimachitanso chimodzimodzi kwa anthu ena.

Mankhwala aakulu ndi mafuta odzola. Vaseline wopanda fungo ndi wokwanira, ndipo amaposa mafuta amadzimadzi onunkhira, poti zonunkhiritsazo nazonso zimayabwitsa. Dzolani nthawi iliyonse mukasamba m'manja, manja asanaumiretu, osachepera kanayi pa tsiku. Pogona pakani ambiri n'kuvala magolovesi a thonje, kapena masokosi a thonje ochapa bwino. Sambani ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, tsukuluzani sopo yense, ndipo pukutani mosisita pang'ono mpaka pakati pa zala. Mphete muzivula pogwira ntchito, chifukwa sopo amabisala pansi pake.

Magolovesi amathandiza, komabe ambiri amawavala molakwika. Akavalidwa nthawi yaitali manja amachita thukuta, khungu n'kunyowa ngati lili m'madzi momwemo. Valani a thonje mkati, a pulasitiki kunja, ndipo pakatha mphindi 20 avuleni manja apume. Madzi akalowa mkati, avuleni pompo, atembenuzeni aume. Ndi bwino kusonkhanitsa mbale n'kutsuka kamodzi kusiyana ndi kumanyowetsa manja pafupipafupi.

Khungu likatupa ndi kuyabwa, Vaseline yekha sakwanira, pamafunika mafuta a steroid, omwe ndi mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa, olembedwa ndi achipatala. Khungu la chikhatho ndi lokhuthala, choncho steroid wofatsa monga hydrocortisone 1% nthawi zambiri amachepa mphamvu, ndipo achipatala amapereka amphamvu monga betamethasone 0.1%. Muyeso wake ndi uwu: finyani mafuta kuchokera kunsonga ya chala cholozera mpaka pamzere woyamba. Amenewo ndi pafupifupi theka la gilamu, ndipo amakwana dzanja limodzi kuseri ndi kuchikhatho. Pakani kamodzi kapena kawiri pa tsiku kwa milungu iwiri kapena inayi monga auzira adokotala. Ambiri amasiya tsiku lachitatu kuyabwa kukangochepa, matenda n'kubwerera. Ena amagula mumsika timachubu toyeretsa khungu tokhala ndi steroid wamphamvu kwambiri wotchedwa clobetasol n'kumadzola miyezi yambirimbiri, khungu n'kupyapyala mpaka kumang'ambika lokha. Phulusa, ndimu, Jik kapena mankhwala otsukira mano siziyenera kufika pa ming'alu, zimangowotcha.

Kwa mabwana a malesitilanti, masaluni ndi makontilakita ndikuti: magolovesi ndi botolo la Vaseline pambali pa sinki n'zotsika mtengo kuposa kutaya wantchito waluso. Musinthanitse ntchito kuti munthu mmodzi asakhale m'madzi tsiku lonse. M'zipatala, sanitaiza wa spiriti amawononga khungu pang'ono kuyerekeza ndi sopo ngati manja alibe litsiro looneka, ngakhale amalasa pa ming'alu.

Pomaliza, si kuyabwa kulikonse komwe kuli eczema. Ngati apabanja ena nawonso akukanda usiku, ikhoza kukhala mphere. Ngati ladwala ndi dzanja limodzi lokha pamodzi ndi mapazi, akhoza kukhala mafangasi a mtundu wa chipere, ndipo steroid amawakulitsa. Mukaona mafinya, nkhanambo zachikasu, kutupa kotentha kapena thupi litatentha, ndiye kuti mabakiteriya alowa ndipo pafunika maantibayotiki tsiku lomwelo. Mwezi ukatha mukutsatira zonsezi koma osasintha, bwererani kuchipatala chanu chaching'ono mukapemphe kalata yopita ku Zomba Central Hospital, ndipo mutenge machubu onse amene mwakhala mukudzola kuti adokotala akawaone.

Wazaumoyo wokhudzidwa,
Zomba