Mamililita atiwotchera tomato ku Bvumbwe

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndidandaule za malangizo olembedwa pa mabotolo a mankhwala a mbewu. Mwezi wathawu mlamu wanga, yemwe ali ndi dimba kumunsi kwa Bvumbwe, anawotcha tomato wake yense ndi manja ake omwe. Si mbuli ayi, sukulu anafika nayo Fomu 2. Anagwa ndi masamu basi.

Pa botolopo panalembedwa m'Chingerezi, tizilembo ngati nyerere, kuti mamililita 400 asakanizidwe ndi madzi okwana malita 200 pa hekitala. Nanga kuno ndani ali ndi hekitala ya tomato? Malo a ku Thyolo anapita ndi tiyi kalekale. Hekitala ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, pamene ambirife kathu n'kachigawo kosakwana ndi theka la ekala komwe. Chomwe mlamu ali nacho ndi sipuleya yobereka kumsana ya malita 16. Atasowa mtengo wogwira, anatenga botolo la Fanta, n'kuthiramo mankhwala mpaka pakati, n'kukhuthulira m'sipuleya. Botolo limenelija ndi la mamililita 300, ndiye kuti anathira cha m'ma 150. Chonsecho ofunika anali 32 okha: 400 kugawa ndi 200, tipeza mamililita awiri pa lita iliyonse, kuchulukitsa ndi 16. Kasupuni ka tiyi kamalowa mamililita 5, ndiye anali masupuni asanu ndi imodzi ndi kakang'ono pamwamba. Patapita masiku awiri masamba anali atapiringizika, ofiira m'mbali ngati awauka ndi moto wolusa, maluwa onse mbwee pansi.

Kumiyeso ikuluikulu nakonso n'chimodzimodzi. Amayi anga ku Luchenza analusa ndi bilu ya madzi, amvekere: "Kanambala 6 aka ndiye ndalama zonsezi?" Sanadziwe kuti mita imawerenga makiyubiki mita, ndipo imodzi yokha ndi malita 1,000, kapena kuti mamililita miliyoni imodzi. Ndinachita kuwawerengera m'zigubu za malita 20: kiyubiki mita imodzi ndi zigubu 50, migolo isanu ya malita 200. Sikisi wawoyo anali zigubu 300. Pamenepo mpamene anakumbuka mpopi wa kuseri umene wakhala ukudontha chiyambire Khirisimasi.

Pempho langa likupita kwa a Pesticides Control Board, bungwe loyang'anira mankhwala ophera tizilombo, omwe mwamwayi ali konkuno ku Bvumbwe. Akakamizeni obweretsa mankhwala kuti pa botolo lililonse azilemba m'Chichewa mlingo wa sipuleya imodzi ya malita 16, osati wa hekitala wokha. Ogulitsa nawonso azipereka kakapu kokhala ndi mizere yoyezera, kapena sirinji yopanda singano. Ena amadabwa akaona "cc" pa sirinji, koma cc imodzi ndi mililita imodzi, palibe kusiyana. Zoyeza ndi chitsekero cha botolo zija n'zotayitsa, chifukwa zitsekero zimasiyana kukula.

Aphunzitsi a masamu nawonso, tengani chigubu, botolo ndi supuni mulowe nazo m'kalasi, ana athire madzi okha. Mwana wanga amaloweza bwinobwino kuti lita ndi mamililita 1,000, koma nditamufunsa kuti m'chigubu chathu cha malita 20 mungalowe mabotolo angati a theka la lita, anangondiyang'ana kukamwa yasa. Ndi 40.

Mlimi wa kudimba,
Bvumbwe, Thyolo