Botolo lako lisamabwerere kunyumba lodzaza

Namwera, mwezi wa Juni

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amayi ako, abambo ako ndi kamlongo kako. Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwatigwira zedi. Ukudziwa kuti ukangokwera chikweza cha Chowe mphepo imakhala ina, yosiyana ndi ya kwanu ku boma. Agogo ako aamuna sakuchoka pamoto mpaka dzuwa litakwera, ndipo mbuzi zikumalira m'khola kudikira kuti azitsekulire.

Amayi ako anandiuza pafoni kuti masamu akukuyendera bwino teremu ino. Ndakondwa, paja ndiwe mwamuna wanga wamng'ono, ukakhoza ndimayenda modzitama ndine. Koma anandiuzanso kuti botolo la madzi limene amakulongedzera m'chikwama ukumabwera nalo monga linapitira, ndipo akakufunsa ukumati, "Sindinamve ludzu." Madzulo ukumadandaula mutu, milomo nayo yayamba kung'ambika.

Sindikukukalipira ayi. Ukunena zoona kuti ludzu sukulimva. Mu Okutobala, mchenga wa ku Mangochi ukamawotcha mapazi, palibe amene amachita kukukumbutsa za madzi, umathamangira wekha ku ndowa. Koma mu Juni ndi Julayi ludzu limagona tulo, ndipo pali chifukwa chake. Kukazizira, timitsempha ta magazi ta pakhungu, ta m'manja ndi m'mapazi, timafinyika kuti kutentha kusathawe m'thupi. Magazi ambiri amapita m'kati, kufupi ndi mtima, n'chifukwa chake zala zako zimachita dzanzi m'mawa pogwira pensulo. Tsono ubongo ukaona kuti magazi achuluka m'katimo umayesa kuti madzi alipo okwanira, ndiye sukutumizira ludzu. Impso nazo, ziwalo ziwiri zija zili cha kumsana zimene zimasefa magazi n'kupanga mkodzo, zimayamba kutaya madzi ena. Sunaone kuti kukazizira umapita kukakodza pafupipafupi? Ndi zimenezo. Madzi akutuluka, koma wokuuza kuti ubwezere palibe.

Mawa m'mawa uchite ichi usanapite kusukulu. Upemphe kalilole wa amayi ako, umuyandikize kukamwa, uuzirepo mpweya kuti haa! Pagwa kachifunga koyera. Ulembepo ndi chala chilembo choyamba cha dzina lako msanga kasanazimiririke, kenako uyang'ane nsonga ya chalacho. Uona kuti yanyowa pang'ono. Madzi amenewo sanachokere kumpopi kapena kumjigo, achokera mwa iweyo. Nthawi iliyonse ukapuma, usana ndi usiku, ngakhale uli m'tulo wafunda bulangete mpaka kumutu, timadzi timeneti timatuluka. Mpweya wa nyengo ino ndi wouma, mvula inasiya kale, ndiye umatenga madzi ambiri m'mphuno ndi pakhosi pako.

Kwanuko kulinso mwera. Ukawomba kuchokera kummwera nyanja imakalipa, asodzi amakokera mabwato pamtunda n'kukhala pansi kumasoka maukonde. Ukadzapita kudooko ndi abambo ako udzayang'ane usipa umene amayanika pathandala. Dzuwa la Juni si lowotcha, koma usipa uja umauma gwa, chifukwa mphepo imauyamwa madzi. Milomo yako ndi khungu lako mphepo yomweyo imazichita chimodzimodzi ukamasewera mpira pabwalo. Ndipo juzi ija wavala, ukamathamanga umatuluka thukuta m'kati mwake, kungoti limauma usanalione. Za milomoyo, usamainyambite, malovu akauma imang'ambika kuposa poyamba. Upakepo Vaseline pang'ono m'mawa ndi pogona.

Thupi lako, kuposa theka lake ndi madzi. Akachepa pang'ono chabe mutu umayamba kuwawa, umatopa msanga, aphunzitsi akamalankhula maganizo amangouluka. Kuchimbudzi nako kumavuta, umakhalitsa ukudzikakamiza. Mwana wa msinkhu wako amafunika makapu 5 kapena 6 a madzi pa tsiku, kuposerapo ngati wathamanga kwambiri. Usachite mantha, sikuti umwe onse nthawi imodzi mpaka mimba kulira. Kapu imodzi ukangodzuka, phala lisanapse. Botolo lako lija ndi la theka la lita, ndiye kuti muli makapu awiri, umweko pa buleki, otsalawo umalize poweruka usanayambe ulendo wa kunyumba. Ina umwe ndi nsima ya masana, ina ukabwera kosewera. Kukada uchepetse.

Ndanena za kukada chifukwa ndikukudziwa. Ana ambiri nyengo ino amakana madzi dala, kuopa kudzuka usiku kutuluka panja kukuzizira, ena kuopa kunyowetsa mphasa n'kusekedwa. Si chinthu chochititsa manyazi, ngakhale abambo akowo anali mwana. Ungomwa madzi ako ambiri dzuwa lili pamwamba, pogona ukakodze kaye. Ndipo kusukulu mkodzo ukakugwira, imika dzanja upemphe aphunzitsi. Kuusunga mpaka kunyumba si nzeru.

Popeza ludzu silikuuza zoona nyengo ino, pali mboni ina imene sinama. Ukamakodza uziyang'ana. Mkodzo ukakhala wachikasu chopepuka, pafupifupi woyera, ndiye kuti zili bwino. Ukakhala wachikasu kwambiri, wofiirira, wochepa ndiponso wonunkha, pita ukamwe madzi pompo. Koma ukadzaona magazi, makamaka timadontho ta kumapeto, imeneyo ndi nkhani ina, usabise. Akhoza kukhala likodzo, limene ana a m'mbali mwa nyanja, mwa Shire ndi Malombe amalitenga posamba ndi kusewera m'madzi a m'mabango momwe mumakhala tinkhono. Uwauze amayi ako tsiku lomwelo. Mankhwala ake alipo kuchipatala, ndi omwe aja amabwera nawo kusukulu nthawi zina.

Madzi ake akhale ati? Apa ndiye nditsindike. Inu a ku Mangochi madzi akuzungulirani, mukaima pa mlatho wa Bakili Muluzi mumaona Shire akutsetsereka osaphwa chaka chonse. Koma si onse akumwa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inasautsa kwambiri boma lathu lino, iwe unali wamng'ono, koma amayi ako akukumbukira. Madzi a m'nyanja ndi mumtsinje, ngakhale aoneke oyera mbee, usamwe ndi manja posambira. Umwe a m'ndowa ya m'nyumba, amene amayi ako awiritsa kapena athira klorini uja amagawa alangizi a zaumoyo. Akangothira kumene klorini pamafunika kudikira mphindi 30. Pa ndowapo pali makapu awiri, ndipo si okongoletsa. Ya chogwirira chachitali ndi yotungira, inayo ndi yomwera. Tunga ndi yoyambayo, thira mu inzake, vindikira ndowa. Kuviika kapu imene wamwera, kapena zala zimene wagwira mpira ndi fumbi, ndiye kuwonongera nyumba yonse madzi. Botolo lako nalo lizitsukidwa ndi sopo tsiku lililonse, ndipo ntchito imeneyo wakula nayo, usamadikire amayi ako.

Mwina uti madzi a m'mawa akumazizira mpaka mano kuwawa. Zoona. Upemphe akusungireko ofunda m'ketulo akamaphika tiyi. Madzi ofunda amagwira ntchito mofanana ndi ozizira. Pali akuluakulu ena amene amati kumwa madzi nyengo ino kumabweretsa chimfine. Ine sindigwirizana nawo. Chimfine chimabwera ndi tizilombo timene timapatsirana poyetsemula ndi pogwirana manja, makamaka pano pamene tikuunjikana m'nyumba titatseka mawindo. Ukachidwala m'pamene uyenera kumwa kwambiri, kuti mamina ndi makhololo zisalimbe. Madzi ofunda ofinyiramo ndimu, ndi kauchi pang'ono ngati kalipo, amafewetsa pakhosi.

Zina zimathandizako. Nachesi za ku Mwanza zadzaza pamsika miyezi ino, malalanje, mapapaya, nzimbe. Thobwa la amayi ako, msuzi wa nsomba, madzi a malambe onyika kunyumba. Malambe ndiye kwanuko simusowa, mitengo yake ili paliponse. Koma mafilizesi a pageti la sukulu ndi zakumwa za m'mabotolo ine sindiziwerengera. Shuga wake ndi wambiri, amaononga mano, ndipo madzi amene ena amapangira mafilizesiwo suwadziwa kumene achokera. Ndalama imene abambo ako amakupatsa, bola ugule nachesi ziwiri.

Ukadzatsegula m'mimba kapena kusanza, apo ndiye madzi amathawa mothamanga. Usadikire kuti kuche. Amayi ako akudziwa kusungunula paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo iwe ntchito yako ndi kumwa pang'onopang'ono ngakhale usakukonda kakomedwe kake ka mchere.

Chinthu chimodzi usalakwitse. Ndikudziwa kuti ukawerenga kalatayi ufuna kukhala dokotala wa nyumba yonse. Kamlongo kako usakamwetse madzi, ngakhale kasupuni. Mwana amene sanakwanitse miyezi 6 madzi ake onse amawapeza mu mkaka wa m'mawere. Uchi ndiye asaulawe n'komwe mpaka atakwanitsa chaka. Ngati ukufuna kumuthandiza, amayi ako akakhala pansi kuyamwitsa uziwatungira kapu ya madzi n'kuwapatsa ndi manja awiri. Woyamwitsa amafunika madzi ambiri kuposa tonsefe, ndipo iwowo amaiwala chifukwa cha ntchito.

Ndatumiza mbatata ndi nyemba pang'ono ndi amalume ako, afika Loweruka ngati minibasi ipezeke. Mukatsekera sukulu ubwere, koma utenge juzi yokhuthala, ya kwanuko kuno siithandiza. Undiyankhe ndi dzanja lako, osati kuuza amayi ako kuti alembe, ndipo undiuze chilembo chija ngati chinaoneka pa kalilole. Upereke moni kwa abambo ako ndi amayi ako. Agogo ako aamuna akuti mpira uja unawalonjeza kuti udzawagoletsa akuudikirabe.

Ndine agogo ako okukonda.